Fungo la Mphukira za Bulugamu

Bwezani anali ndi vuto limodzi: akachita mantha, pakamwa pake pankathamanga kuposa mutu. Vutoli linamugwira Lamlungu limene anakhala koyamba m'nyumba ya a Wenceslaus Kachingwe ku Nangongwe, manja ali pamaondo, kolala itanyowa kale ndi thukuta la mwezi wa Okutobala.

Chinamufikitsa kumeneko ndi Rhoda, mwana wamkazi yekhayo wa m'nyumbamo. Bwezani anali mnyamata wa ku Katete, mmodzi wa anyamata ambiri amene anathamangira ku Kafue mafakitale atayamba kumera ufulu utangobwera. Ankaomba nsalu, ankavala mwaukhondo, ndipo ankafuna kutuma ankhoswe. Amake Rhoda anali atakana kale. Mnyamatayo anali wa mpingo wa Dachi pamene iwo ndi Akatolika, komanso kumsika anali atamva kuti kale ankayenda ndi mtsikana wina wa ku Estates, dera la nyumba zatsopano. A Wenceslaus sanakane, sanavomere. Anangoti, "Abwere ndimuone kaye ndi maso anga. Za ankhoswe pambuyo." Kwawo ku Dedza anthu akanaseka kumva mkamwini akuonekera ankhoswe asanafike, koma m'tauni miyambo inkapindika pang'ono.

Kucheza sikunayende, chifukwa chifuwa chinkawadula mawu bambowo. Zaka zonse za unyamata wawo anathera akuponya malasha mu injini za sitima, ndipo utsi uja unali usanawatuluke. Amake Rhoda analowa ndi poto wa masamba a bulugamu owiritsa, nawafunditsa bulangete kuti afukize. Atavundukula, nkhope yawo inali ya munthu amene wanamizidwa.

"Madzi otentha chabe awa," anatero akupuma mwabefu. "Masamba a kusiteshoni ndi nkhalamba ngati ine ndemwe. Ukawafikisa amangonunkha khungwa ndi fumbi. Chifuwa chimafuna anthete, aja ozungulira, otuwa ngati awaza ufa, ophukira pa chitsa. Amene aja fungo lake limakubaya m'mphuno mpaka misozi, n'kutsika mozizira mpaka pansi penipeni. Koma chilimwe chino ungawapeze kuti?"

"Nizabweretsa ine, atate," anatero Bwezani. "Pa Sondo yamene ibwera."

Anamva mawu akewo ali kunja kale. Kuseri kwa katani wa kuchipinda, Rhoda anamwetulira mpaka mano onse kuyera. Amake anangokweza nsidze.

"Chabwino," anatero a Wenceslaus. "Ukabwera nawo, nkhani ya ankhoswe ako tidzaikamba chifuwa chili chotseguka."

* * *

Sabata yonseyo, akaweruka, Bwezani ankakwera njinga kukasaka mphukira. Anazungulira siteshoni, anatsata njanji mpaka kumlatho, anakafika ngakhale m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka. Bulugamu analipo wosayamba, koma yense wamtali, masamba ake aatali ndi olimba, olendewera kumwamba. Ankagenda nthambi, kutola tsamba, kulifikisa m'manja n'kununkhiza. Fungo linkabwera mwaulesi, la thabwa lakale, n'kutha asanalimve bwinobwino. A Wenceslaus sananame.

Koma tisamuikire kumbuyo mnyamatayu ngati sankadziwa kanthu. Kumene kunali mphukira ankakudziwa kuyambira pamene anatsegula pakamwa. Pomanga nyumba zatsopano za ku Estates anadula mitengo yambiri ya bulugamu, ndipo chitsa chimodzi chinatsalira kuseri kwa khitchini ina, pafupi ndi mpopi wodontha. Nyumbayo inali ya a Morris, mlongo wake wa Phyllis. Ndipo Phyllis ndiye mtsikana uja wa nkhani za kumsika, wotaipa mu ofesi, amene Bwezani anamusiya asanadziwane ndi Rhoda. Njinga yonse ija ankaipalasa pofuna kuthawa geti limodzi.

Lachisanu madzulo anakumana ndi Rhoda pafupi ndi msika, pamene ankakonda kuima ngati angokumana mwangozi.

"Mwayapeza masamba, ba Bwezani?"

"Nayapeza. Osadandaula."

"Kuti?"

"Uzaona pa Sondo," anatero akuyang'ana tcheni ya njinga ngati yavuta.

Rhoda anaseka, kenako nkhope inagwa pang'ono. "Amai banayambanso dzulo. Ati mukali kuonana na Phyllis. Ninabauza kuti ni boza. Banakana, manje ine ninagwira korona yanga n'kulumbira pamaso pawo."

"Unalumbira?"

"Nanga ninalakwa?"

"Iyayi. Phyllis sininamuonepo kuchokera nthawi ya mvula."

Zimenezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti zikhala zoona kwa tsiku limodzi lokha. Akanatha kumuuza pomwepo. Koma Rhoda ankamuyang'ana ndi maso a munthu amene wagwira korona chifukwa cha iye, ndipo manyazi anamutseka pakamwa.

"Mawa nili ku kwaya mpaka dzuwa kulowa," anatero Rhoda ponyamula dengu lake. "Pa Sondo muvale shati ija ya buluu. Atate banaikonda."

* * *

Loweruka masana Bwezani anaima pa geti la a Morris akupemphera kuti apeze mwininyumba yekha. Amene anatuluka anali Phyllis, tsitsi lili mu nsalu, wailesi ikuimba kumbuyo kwake.

"Eh, ba Bwezani! Muli shani? Njinga yasochera, kapena ni maso yanga?"

"Nili bwino, Phyllis. Nabwera chabe kupempha masamba ya bulugamu ya kuseri kuja. Kuli odwala chifuwa."

"Ndani?"

"Ba malume."

"Ba malume ba ku Nangongwe, bamene bali na mwana woimba kwaya?"

Bwezani anasowa poyang'ana. Phyllis anaseka mpaka kugwira chitseko cha geti. Sanali mtsikana woipa mtima, koma anali atasiyidwa popanda kuuzidwa chifukwa, ndipo tsiku ngati limeneli anali atalidikira.

"Masamba ni yanu, muzatenga," anatero. "Koma kuno si kuthengo kwamene munthu angothyola n'kuyenda. Nkhalani, timwe tiyi monga banthu."

Mipando sanaiike m'nyumba. Anaitulutsira pakhonde la kutsogolo, loyang'ana msewu, pa nthawi imene Estates yonse inali panja kuthawa kutentha. Amayi a nyumba yoyandikana anasiya kuchapa. Anyamata awiri a ku fakitale anadutsa pa njinga naimba belu mosafunikira. Bwezani anamwa tiyi uja mothamanga mpaka kupsa lilime, ndipo Phyllis anamuthirira wina.

Pomaliza anamutengera kuseri. Chitsa chija chinali chitabisika m'mphukira zofika m'chifuwa, zotuwa, masamba ake ozungulira atakhala awiriawiri, nsonga zili zofiirira. Mpopi unkadonthera pomwepo. Munthu asanakhudze n'komwe, fungo linali litadzaza kale malo onsewo chifukwa cha dzuwa.

Bwezani anagwira nthambi ya m'munsi, koma Phyllis anamumenya kadzanja.

"Osati ya pansi, yayamba kukhwima, mphamvu yachepa. Mufuna kuchita manyazi kwa ba pongozi? Tengani twana utu twa pamwamba."

Anabudula nsonga imodzi, naifikisa pakati pa zala, naiika pamphuno pa Bwezani. Fungo linamubaya, lozizira, lakuthwa, ndipo misozi inalengeza m'maso.

"Onani, mulira," anatero Phyllis motsitsa mawu. "Nanga pamene munanisiya munalira?"

Bwezani anawerama pa chitsa paja. Anadzaza kathumba ka ufa ndi nsonga zija, manja onse atayera ndi phulusa la masamba, nathokoza osamuyang'ana. Anabwerera kudzera njira ya kumbuyo. Kunyumba anasamba m'manja ndi sopo kangapo konse, koma fungo silinachoke, ndipo ankadziona wauve ngakhale sanagwire mkazi wa munthu aliyense.

* * *

Lamlungu, atachoka ku Misa, a Kachingwe anamupeza atafika kale, shati ya buluu ili m'thupi. Amake Rhoda analandira kathumba kaja ndi nsonga za zala napita nako kukhitchini. Madzi atangoyamba kuwira, nyumba yonse inasintha. Fungo linalowa pabalaza poto asanalowe, ndipo a Wenceslaus anadzuka pampando mphuno ili m'mwamba.

"Ameneyo ndiye bulugamu!" anafuula. "Amake Rhoda, fulumirani, asathawire kudenga."

Analowa m'bulangete. Poyamba kunamveka chifuwa chambiri, kenako kuyetsemula, kenako kupuma kwakutali kumene m'nyumbamo anali asanakumve kwa miyezi. Rhoda anali atagwada pafupi ndi khomo la kuchipinda, ndipo anamuyang'ana Bwezani mwa njira imene ikanamusangalatsa tsiku lina lililonse. Tsikulo inamuwotcha.

A Wenceslaus anavundukula bulangete, nkhope ili thukuta lokhalokha, maso ofiira, akuseka.

"Mwanawe, wandibwezera mapapo. Tsopano undiuze malo ake, kuti amake Rhoda azikathyola okha. Sitingamakutume sabata iliyonse ngati wantchito."

Funso linali labwinobwino, lopanda msampha. Koma Bwezani anachita mantha, ndipo tanena kale zimene pakamwa pake pankachita akachita mantha.

"Kumlatho, atate. Kumlatho wa njanji."

"Kumlatho?" A Wenceslaus anapukuta kumaso. "Iyayi, kumlatho ndadutsako moyo wanga wonse. Mitengo ya kumeneko ndi ya njanji, palibe amaidula. Kulibe chitsa."

"Chilipo chimodzi, chapansi pansi."

Bambowo anatenga nsonga imodzi yosawiritsa m'kathumba, naifikisa, natseka maso. Ankasangalala, ngati munthu amene wafunsidwa za ntchito imene amaidziwa.

"Tamva. Tsamba likakalamba fungo limalowa m'kati, limauma, limasanduka la nkhuni. Likakhala lapakati limanunkhira ndithu, koma lowawira. Awa ndi makanda enieni, fungo lake likadali lonyowa, lotsekemera pang'ono kumapeto. Chitsa cha kutchire mwezi uno sichingabale makanda otere, dzuwa likanawawotcha. Chitsa ichi chimamwa madzi a pampopi." Anatsegula maso naseka. "Kapena unalumpha mpanda wa bwana wina, eti? Nena, sindikupereka kupolisi."

"Wakuba ameneyo," anatero amake Rhoda ali pakhomo la khitchini. "Ndinanena ine."

Thukuta linatsika m'khosi mwa Bwezani. Rhoda analiona. Anaganiza kuti bwenzi lake linalumphadi mpanda wa munthu chifukwa cha atate ake, ndipo tsopano lizitchedwa mbava m'nyumba imene likufuna kukwatiramo. Chikondi chinamudzutsa lilime asanaganize.

"Chitsa chilipo, atate. Ndachiona ndi maso anga. Ndinali naye dzulo pothyola."

Onse anatembenukira kwa Rhoda. Poto uja anali atasiya kufuka.

"Unali naye," anatero a Wenceslaus pang'onopang'ono. Kuseka konse kunali kutachoka. "Dzulo unatiuza kuti ukupita ku kwaya."

Apa Rhoda anaona dzenje limene walowamo. Aliyense ku Kafue ankadziwa za tchire la kumlatho, ndi zimene anyamata ndi atsikana ankapitirako.

"Kumlatho, awiriwiri, dzuwa likulowa?" anapitiriza bambowo.

"Mayo ine!" Amake Rhoda anagwira kumutu. "Mwana woimba kutsogolo kwa guwa! Ndikawayang'ana bwanji azimayi anzanga? Kwa bambo mfumu ndikanena chiyani? Unagwira korona pamaso panga, iwe!"

"Khalani chete, amake Rhoda." A Wenceslaus sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinaopsa. "Ngati zili choncho, pano palibe za ankhoswe. Pali mlandu. Iwe Rhoda, upakira katundu wako, upita kwa azakhali ako ku Dedza. Ndakulera kuti ukatuluke m'nyumba muno masana, anthu akuona."

Rhoda anawerama, misozi ikugwera pa chitenje. Sanabweze mawu ake. Anangoponya diso kwa Bwezani, diso lomuuza kuti alimbe mtima, bodzali alisenzera limodzi.

Apa ndiye Bwezani anadziona bwinobwino. Mtsikana ankadzipaka matope pamaso pa makolo ake pofuna kuphimba munthu amene sankadziwa n'komwe kumene anali. Akanakhala chete, Rhoda akanapita ku Dedza akumukondabe. Akalankhula, akanayeretsa dzina la Rhoda n'kudetsa lake pamaso pa Rhodayo. Anatsika pampando n'kugwada pasimenti.

"Atate, Rhoda sanali na ine. Anali ku kwaya, mungafunse aliyense wa ku tchalitchi. Wanama chabe kuti anithandize. Kumlatho kulibe chitsa."

"Nanga masambawa?"

"Ninathyola ku Estates. Kuseri kwa khitchini ya ba Morris."

"Morris," anatero amake Rhoda, misozi itauma nthawi yomweyo. "Morris mlongo wake wa ndani?"

Bwezani anayang'ana simenti. "Wa Phyllis."

"Ndipo Phyllisyo analipo?"

"Analipo, amai."

"Unangothyola n'kumapita?"

Akanatha kuvomera. Koma Estates yonse inali itamuona, ndipo anali atatopa ndi kunama.

"Ninamwako na tiyi. Pakhonde."

Sanayerekeze kuyang'ana kumene kunali Rhoda. Anangomva kuti kulira kwake kwasiya.

A Wenceslaus anapuma bwinobwino mpweya wa masamba omwewo. Kenako anapinda bulangete naliika pambali.

"Wandinamiza m'nyumba mwanga, mnyamata iwe, ndipo zandinyansa. Koma bodza lako litayamba kudya mwana wanga, walibweza wekha. Ndagwira ntchito ndi amuna ambiri amene akanakhala duu mpaka mtsikana kukwera basi." Anatembenukira kwa akazi awo, amene anali atayamba kale kutsutsa. "Za mpingo tikambirana ndi ansembe. Iwe mnyamata, uza ankhoswe ako abwere Loweruka."

Bwezani anaomba m'manja mwaulemu. Chimene anachisaka sabata yonse chinali chitaperekedwa, ndipo ankalephera kudzutsa mutu.

"Asabwere, atate."

Anali Rhoda. Anali ataimirira, zimene sankachita polankhula ndi atate ake.

"Rhoda, mwana wanga..."

"Asabwere." Anatembenukira kwa Bwezani. "Ba Bwezani, pa Chisanu munaniyang'ana kumaso, ine n'kukuuzani kuti nalumbira pa korona chifukwa cha imwe. Munali mudziwa kale kwamene muzayenda. Mukananiuza, nikanakwiya, koma nikanakuperekezani neka pa geti ya Phyllis. Manje lelo nadziitana hule pamaso pa atate na amai, kuteteza munthu wamene anali pakhonde kumwa tiyi."

"Rhoda, palibe vamene vinachitika."

"Niziwa. Nicho chifukwa chake vinibaba. Panalibe vobisa, koma munanibisa."

Anagwada pang'ono kwa atate ake, monga mwana woleredwa bwino, nalowa kuchipinda. A Wenceslaus anamuitana, namuitananso, mawu awo akumveka amphamvu kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho. Rhoda sanatuluke.